Madzulo a Okalamba ku Chongwe: Zimene Akulu-akulu Akonda Kupenyerera pa Wailesi ya Kanema

Dzuwa likapendeka, mbuzi zitalowa m'khola ndipo nsima ya madzulo iri pamoto, m'nyumba zambiri za m'boma la Chongwe mumamveka funso limodzi: kodi malaiti abwera? Amene afunsa funso limeneli kawiri-kawiri si mwana ai. Ndi ambuya, amene asamba kale, abvala jekete yao yakale ya kunchito, ndipo akhala pa mpando umene aliyense pa banjapo adziwa kuti ngwao. Iwo ayembekezera nthawi ya 19 koloko, pamene wailesi ya kanema ya ZNBC iwerenga nkhani zikulu-zikulu za tsikulo.

Anthu ambiri aganiza kuti kanema ndi cinthu ca ana ndi acinyamata. Koma munthu amene ayenda m'midzi ndi m'mafamu a kuno adzaona kuti openyerera okhulupirika koposa ndi akulu-akulu. Mwana apenyerera ciri conse cimene caoneka pagalasi, ndipo kukaca waiwala. Munthu wokalamba asankha. Ali ndi mapulogilamu ake amene awadziwa tsiku ndi nthawi, ndipo akawaphonya mtima suukhala pansi.

Boma la Chongwe liri pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, m'mseu wa Great East, m'dziko la Asoli la Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II. Cifukwa ca kufupi kwake ndi mzinda ndiponso nthaka yake yolimika, anthu ambiri opuma pa nchito anasankha kumanga kuno. Ku Kanakantapa, ku Chalimbana, ku Palabana ndi ku Kasisi mudzapeza amene anali aphunzitsi, anamwino, apolisi, asilikari, akalaliki a m'maofesi a boma ndiponso anchito a m'migodi ndi a njanji. Pamene anacoka m'nyumba za kampani, pamwamba pa katundu wao m'lole panali wailesi ya kanema yokulungidwa bwino m'bulangeti. Anthu amenewa akhala pamodzi ndi eni nthaka, amene akalambira pa khasu, ndipo onsewa madzulo akumana patsogolo pa galasi limodzi.

KUCOKERA KU SOSIPANI KUFIKA KU DISHI

Kuti timvetse cikondi ca akulu-akulu pa kanema, tiyenera kukumbukira kumene anacokera. Mbadwo umenewu unaleredwa ndi wailesi ya mau. Kuulutsa mau m'dziko lino kunayamba ku Lusaka m'caka ca 1941, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kamene kanali kooneka ngati sosipani yophikira ndipo kanali kugulidwa pa mapaundi asanu. Kawailesi kameneka kanalowetsa mau a Alick Nkhata ndi anzake m'midzi yakutali. Pambuyo pa ufulu, kuyambira m'zaka za m'ma 1960, mabanja olankhula Cinyanja anali kusonkhana kumvetsera nthano za Julius Chongo m'pulogilamu ya Poceza m'Madzulo, m'mene munthu mmodzi yekha anali kusintha mau nakhala mfumu, nkhalamba, namwali ndi fisi m'nkhani imodzi.

Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo poyamba inali ya azungu a m'migodi ndi anthu ocepa a ndalama. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linaitenga ndi kuifikitsa ku Lusaka. Zithunzi zinali zakuda ndi zoyera cabe kufikira mu 1977, pamene zinayamba kuoneka ndi mitundu yake. Bungwe limene tilidziwa lero kuti ZNBC linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1987, kulowa m'malo mwa Zambia Broadcasting Services.

Masiku amenewo nyumba ya kanema inali imodzi yokha, ndipo inali kutsegula madzulo ndi kutseka usiku ndi nyimbo ya fuko. Cimene anapenyerera munthu wa ku Matero ndico anapenyereranso wa ku Ndola, motero m'mawa pa basi ndi kunchito nkhani inali imodzi. M'komboni, nyumba ya mphunzitsi kapena ya kapitao inali kudzaza ndi ana a anansi okhala pansi, ena ali kusuzumira pa zenera. Kumidzi ya kuno, amene anali ndi kakanema kakang'ono anali kukayendetsa ndi batire ya galimoto, imene anali kuinyamula pa njinga kukaidzazitsa moto pa boma.

Zinthu zinasintha kwambiri mu 2017, pamene dziko linayamba kusiya njira yakale youlutsira zithunzi ndi kulowa m'njira yatsopano ya dijito. Kampani ya TopStar, imene ZNBC inapanga pamodzi ndi StarTimes ya ku China, inayamba kugulitsa madikoda, ndipo kanema wakale wopanda dikoda analeka kugwira zithunzi. Kuyambira mu 2018, midzi 500 ya m'Zambia inasankhidwa kulandira madishi ndi makanema oyendera mphamvu ya dzuwa mwa thandizo la boma la China. Lero munthu wa ku Chongwe amene ali ndi dishi angathe kusankha pakati pa nyumba za kanema makumi-makumi. Cokondweretsa ncakuti ngakhale zaculuka cotero, zimene akulu-akulu afuna nzowerengeka, ndipo pafupi-fupi zonse ndi za kuno kwathu.

NKHANI ZA 19 KOLOKO

Pulogilamu yoyamba pa zonse ndi nkhani. Nthawi imeneyi ikakwana, mwana wolira aturutsidwa panja, ndipo mlendo amene wafika aonetsedwa pokhala ndi dzanja cabe, moni adzalandira nkhani zikatha. Munthu amene anagwira nchito ya boma zaka makumi atatu sanaleke kukhala ndi nkhawa ndi dziko lake tsiku limene anabweza makiyi a ofesi. Afuna kudziwa nduna imene yasankhidwa, mseu umene uli kumangidwa, ndi mtengo wa unga.

Pali nkhani zina zimene zikhudza thumba lake leni-leni. Mau akuti penshoni akangomveka, m'nyumba muti zii. Opuma pa nchito achera khutu ku ziri zonse zonenedwa za NAPSA, za Public Service Pensions Fund, ndi za ndalama za Social Cash Transfer zimene boma lipereka kwa mabanja osauka, pakati pao okalamba. Mu 2023, pamene lamulo linasinthidwa kulola anchito kutapako magawo 20 pa 100 alionse a ndalama zao za ku NAPSA asanapume, makolo ambiri anatsatira nkhaniyo mosamala, cifukwa inali kukhudza ana ao, ndipo anali ndi malangizo akuti awapatse.

Zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo nazonso zikondedwa, maka-maka pa Cisanu pamene aphungu afunsa mafunso kwa waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndiponso tsiku limene nduna ya za cuma iwerenga ndondomeko ya ndalama za caka. Ambuya amene anaponya voti mu 1964, naona cipani cimodzi kuyambira mu 1973, naonanso kubwerera kwa zipani zambiri mu 1991, sanyengeka msanga ndi mau okoma. Iwo ayerekeza zimene amva lero ndi zimene anamva kale, ndipo afuna kuona ndi maso ao ngati phungu wao aimirira kulankhula za madzi a mumtsinje wa Chongwe, umene umaphwa m'cirimwe ndi kusiya anthu a pa boma m'mabvuto.

Masiku a cisoni ca dziko lonse ndiwo aonetsa bwino malo a kanema m'moyo wa okalamba. Pamene mtsogoleri woyamba, Dr Kenneth Kaunda, anamwalira pa 17 Juni 2021 ali ndi zaka 97, matenda a Covid-19 anali ataletsa misonkhano ikulu-ikulu. Ambiri amene anaimba naye nyimbo za ufulu sanathe kupita ku Lusaka. Anakhuza maliro amenewo ali m'nyumba zao, napenyerera kufikira thupi linaikidwa ku Embassy Park pa 7 Julaye. Mwa mwambo wathu, kulephera kufika pa maliro ndi cinthu colemera pamtima, ndipo kanema anawapeputsa katundu ameneyo.

MIYAMBO YA MAKOLO

Caciwiri cimene akulu-akulu sakonda kuphonya ndi miyambo ya mafumu. Kuno ku Chongwe mwambo waukulu ndi Chakwela Makumbi, umene kawiri-kawiri ucitika m'mwezi wa Okutobala. Dzinali m'Cisoli litanthauza kukoka mitambo. Pa tsikuli Mfumukazi ipempha mvula kwa Mulungu kupyolera mwa makolo, itentha munda ndi kubzala mbeu zoyamba, ndipo pambuyo pake anthu adziwa kuti nyengo ya kulima yatseguka. Nkhalamba imene miyendo yaleka kuinyamula ikondwa kwambiri poona bwalo lake lomwe ndi anthu a m'mudzi mwake ali kuoneka pa nkhani za dziko lonse.

Ambiri mwa okhala m'boma lino anacokera ku cigawo ca Kum'mawa. Kwa iwo, Loweruka lomariza la Febuluwale ndi tsiku la Nc'wala ku Mtenguleni, pamene Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ilawa zipatso zoyamba za m'munda, ndipo Loweruka lomariza la Ogasiti ndi la Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, pamene Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique akumana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Ulendo wa ku Chipata kapena ku Katete ufuna ndalama zambiri ndi msana wolimba. Motero nkhalamba ya Cingoni ikhala patsogolo pa kanema, phazi liri kugunda pansi motsatira ngoma, ndipo nkhalamba ya Cicewa ichula dzina la gule aliyense asanalichule woulutsa.

Pa nthawi zotere ambuya asanduka mphunzitsi. Adzudzula mabvalidwe amene alakwika, afotokoza tanthauzo la nthenga ndi zikopa, ndipo auza adzukulu cifukwa cake Angoni ndi Abemba aseulana pa maliro ndi pa madyerero. Mdzukulu wobadwira m'tauni, amene sanapondepo kumudzi kwa makolo ake, aphunzira zambiri m'maola awiri amenewo koposa zimene angawerenge m'buku la kusukulu.

ULIMI NDI ZA NYENGO

Pafupi-fupi munthu aliyense wopuma pa nchito kuno ndi mlimi, kaya wa cimanga, wa ndiwo za m'dimba, wa nkhuku kapena wa ng'ombe za mkaka. Ena anaphunzira khasu atakula kale, ndipo sacita manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Pulogilamu ya Lima Time, yokonzedwa ndi nthambi yofalitsa nkhani za ulimi ya NAIS, yakhala sukulu yao kwa zaka zambiri. Dzinali liwakumbutsa ndondomeko ya Lima ya masiku a Kaunda, pamene alimi ang'ono-ang'ono anaphunzitsidwa kupima munda wa lima imodzi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, ndi kuthira fataleza woyenera pa muyeso umenewo.

Phindu la kanema pa ulimi ndi lakuti munthu aona ndi maso. Pamene mbozi zacilendo zodya cimanga zinabuka m'dziko lino kumapeto kwa 2016, alimi ambiri anazizindikira m'minda yao cifukwa anali ataziona pagalasi, pamodzi ndi masamba obooka ndi zonyansa zimene zisiya pamtima pa phesi. Cimodzi-modzinso ndi kakumbidwe ka maenje a ulimi wosunga cinyontho, kapangidwe ka manyowa, ndi kadziwidwe ka ng'ombe yodwala matenda a nkhupakupa. Mlangizi wa ulimi ali mmodzi pa midzi yambiri, koma cithunzi cifika pa khomo liri lonse pamene pali kanema.

Kulengeza kwa mtengo wa cimanga wa bungwe la FRA, masiku olandira fataleza wa FISP, ndi zonena za akatswiri a za nyengo, zonsezi zimvedwa mwacheru. Akulu-akulu ali ndi zizindikiro zao za mvula, monga maluwa a mitengo, mphepo ndi kulira kwa mbalame, ndipo akonda kuziyerekeza ndi zimene wanena munthu woloza pa mapu. Zikagwirizana, mbeu ituruka m'nkhokwe.

MPIRA WA MIYENDO

Palibe cimene cibweza unyamata m'mafupa a nkhalamba monga mpira wa timu ya dziko. Amuna a zaka 70 lero anali anyamata mu 1972, caka cimene Godfrey Chitalu anamwetsa zigoli 107. Anamva pa wailesi pamene Zambia inafika pa masewera omariza a cikho ca Africa mu 1974, ndiponso pamene inagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0 ku Gwangju mu 1988, Kalusha Bwalya atamwetsa zitatu. Mau amene anawafotokozera zambiri za izi anali a Dennis Liwewe, amene anamwalira mu 2014. Anthu ambiri anali kutsitsa mau a kanema ndi kukweza a wailesi, kuti maso aone mpira koma makutu amve Liwewe.

Mbadwo womwewu unalira pa 27 Epulo 1993, pamene ndeke yonyamula timu ya dziko inagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, nipha anthu onse 30 amene anali m'menemo, pakati pao osewera 18 ndi Chitalu yemwe, amene anali mphunzitsi wao. Ndico cifukwa cake usiku wa pa 12 Febuluwale 2012 uli wosaiwalika. Mumzinda womwe uja wa Libreville, Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenoti 8 kwa 7, Stoppila Sunzu atamwetsa yomariza. Acinyamata anathamangira kumseu kukaimba, koma okalamba ambiri anatsala pa mipando yao ali kupukuta misozi, pakuti iwo anali kukumbukira maina a aja anatsala m'nyanja.

Masiku ano amai okalamba nawonso akokera mipando yao pafupi, cifukwa ca timu ya akazi ya Copper Queens. Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu-zitatu m'masewera awiri otsatizana pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, ndipo mu 2023 timuyi inasewera koyamba m'cikho ca dziko lonse lapansi. Agogo amene pa utsikana wao analetsedwa ngakhale kuponda mpira, lero aululutira adzukulu a anzao.

MASEWERO A ZA M'BANJA

Pambuyo pa nkhani pabwera masewero, ndipo apa amai ndiwo atsogola. Akale akumbukira Play for Today ndi Play Circle pa kanema wa boma, ndi Kabanana, sewero limene linagwira mitima ya anthu kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000. Pambuyo pake nyumba ya Muvi TV inaonetsa Banja, ndipo Zambezi Magic, imene inatsegulidwa mu 2015, inabweretsa Zuba ndi Mpali.

Zuba ndi nkhani ya mtsikana wa kumudzi amene apita ku Lusaka kukagwira nchito ya m'nyumba kwa anthu olemera. Palibe mudzi m'boma lino umene sunatumizepo mwana wotere kumzinda, motero agogo apenyerera ali ndi nkhawa yeni-yeni. Mpali, limene linayamba mu 2018, ndi sewero la mlimi wolemera wochedwa Nguzu ndi akazi ake ambiri, ndi nsanje, ziwembu ndi mikangano ya cuma imene ibuka pa mitala. Amai amene akhala alangizi a cinamwali ndi ankhoswe a maukwati kwa zaka zambiri apenyerera sewero lotere monga oweruza pabwalo. Anena msanga amene walakwa, aneneratu kumene mlandu udzathera, ndipo mtsutso wao ndi abambo upitirira kufikira nthawi yogona.

Cimene cikopa okalamba m'masewerowa ndi cakuti anthu ake alankhula monga tilankhulira ife, kusakaniza Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cingerezi, adya nsima, agwada popereka moni kwa apongozi, ndipo mabvuto ao ndi athu omwe: malowolo, kulanda cuma ca amasiye, malire a minda, ndi ana oiwala makolo. Mafilimu a ku Nigeria nawonso alandiridwa, cifukwa muli mafumu, ufiti ndi apongozi obvuta. Koma masewero a kutali oonetsa anthu obvala mosadzilemekeza abweretsa manyazi m'nyumba. Mkamwini ndi apongozi sangapenyerere pamodzi zotere, ndipo kawiri-kawiri amene anyamuka mwakacetecete kupita kukagona ndi wamkulu.

Pa Sondo, amene sathanso kuyenda mtunda wopita ku chalichi atsatira mapemphero ndi nyimbo za makwaya pa kanema. Amai a m'mabungwe a Cigwirizano, a Dorika ndi a Anna Woyera aimba pamodzi ndi kwaya ya pagalasi osaphonya ndime. Komabe pano pafunika kucenjera. Si onse olalikira pa kanema amene ali abusa oona, ndipo wina akayamba kupempha kuti mutumize ndalama pa foni kuti mulandire mdalitso kapena maciritso, dziwani kuti maso ake ali pa penshoni yanu.

ZIMENE ZIWATSEKEREZA

Ngakhale akonda cotero, okalamba ambiri sapenyerera zimene afuna. Copinga coyamba ndi magetsi. Cirala ca m'nyengo ya 2023 ndi 2024, cimene Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, kotero kuti m'miyezi yomariza ya cakaco nyumba zambiri zinali kukhala maola 20 kapena kuposa popanda magetsi. Midzi yambiri yakutali ndi mseu iribe ndi nthambo zomwe. Mabanja amene anatha anagula sola ndi batire, ena mwa kulipira pang'ono-pang'ono pa foni, ndipo iwo ndiwo asanduka malo osonkhanira anansi monga zinaliri m'makomboni kale.

Caciwiri ndi ndalama. Dikoda ifuna malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo masewero okondedwa aja apezeka pa nyumba zolipira. Munthu wodalira penshoni yocepa ayenera kusankha pakati pa kanema, mankhwala ndi thumba la fataleza. Ambiri ayembekezera mwana wa ku Lusaka kuti akumbuke, ndipo akaiwala, galasi likhala lakuda.

Cacitatu ciri m'nyumba mwenimweni, ndico rimoti. Okalamba ambiri alera adzukulu, ena a iwo amasiye. Ana amenewa adziwa mabatani onse, pamene ambuya aopa kukhudza kuti angaononge. Mapeto ake mwini nyumba, amene anagula kanemayo ndi thukuta lake, akhala wopempha, ndipo nkhani zipita ana ali kupenyerera zidole.

Cacinai ndi cinenero. ZNBC iulutsa m'zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko lino: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cilunda, Ciluvale ndi Cikaonde. Pa kanema zinenerozi zigawana nthawi yocepa, ndipo nkhani zikulu za madzulo ziwerengedwa m'Cingerezi. Amene anali aphunzitsi ndi akalaliki amva bwino, koma amai ambiri amene sanapite patali ndi sukulu angoona zithunzi ndi kudikira wina awamasulire. Cisoli, cinenero ca eni dziko la Chongwe, sicipezeka pa zisanu ndi ziwirizo, motero nkhalamba ya Cisoli imva za dziko lake m'cinenero ca anansi. Okonza mapulogilamu ayenera kukumbukira kuti openyerera ao okhulupirika ali kumidzi, ndipo afuna nthawi yoculukirapo m'zinenero zao ndi mau olankhulidwa modekha.

Cotsiriza ndi thupi lomwe. Maso acita ng'ala, makutu alemera. Ambuya akayamba kusendeza mpando kufupi ndi galasi, kapena kukweza mau kufikira anansi adandaula, apelekezeni ku cipatala ca boma ca Chongwe kapena ku kiliniki yapafupi akapimidwe. Ng'ala icotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo ambiri ayambanso kuona. Kukhala pansi tsiku lonse nakonso sikuthandiza odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kanema akhale wa madzulo, usana ukhale wa kuyenda, kuona dimba ndi kuceza ndi anzao.

MAU KWA INU A PA BANJA

Inu ana ndi adzukulu, zimene makolo anu apempha nzocepa. Dziwani mapulogilamu ao ndi nthawi zake, ndipo nthawiyo ikafika perekani rimoti popanda kung'ung'udza. Aphunzitseni mabatani atatu okha: loyatsa, losintha ndi lokweza mau. Inu a m'tauni, potumiza ndalama za unga kumbukiraninso za dikoda. Ngati pafupi nanu pali nkhalamba yokhala yokha, itumireni mwana akaitenge pa tsiku la mpira kapena la Kulamba, pakuti kusungulumwa kukalambitsa munthu msanga koposa zaka.

Koposa zonse, khalani nao pamene apenyerera, ndipo pulogilamu ikatha zimitsani kanema ndi kuwafunsa mafunso. Kale nthano zinali kukambidwa pamoto, ndipo wokamba anali ambuya. Kanema analanda malo amenewo, koma iye sayankha funso ndipo sadziwa mbiri ya mudzi wanu. Nkhani zikachula mlatho wa Chongwe, ambuya angakuuzeni za mwezi wa Novembala 1979, pamene asilikari a Rhodesia anauphulitsa ndi kudula mseu wa Kum'mawa. Zikachula FRA, angakuuzeni za masiku a Namboard ndi makuponi a unga. Zikaonetsa ndeke iri kutera pa bwalo la Kenneth Kaunda, limene liri m'boma lathu lino, angakuuzeni amene anali kulima pamenepo kale ndi maina a mitsinje yake.

Zinthu zimenezi simudzazipeza pa dishi iri yonse, ndipo tsiku limene mpando uja udzakhala wopanda munthu zidzapita nao. Akale anati mau a akulu akoma akagonera. Madzulo ano malaiti akabwera, kokerani mpando wanu pafupi ndi wa ambuya.